MCHERE, KALULU NDI CHINSINSI CHA MNOFU

Omvera athu, tapindani mkono wanu, mugwire pamene patukukapo. Chalimbacho ndi mnofu, ndipo funso lakuti mnofu umafupika bwanji lidazunguza mitu ya anthu ophunzira kwa zaka pafupifupi 100. Lero tilondola mapazi ao.

M'chaka cha 1864, Mjeremani wina, Wilhelm Kühne, adafinya minofu ya achule napezamo chinthu choundana chimene adachitcha myosin. Dzina lidapezeka, koma ntchito yake idadziŵika mochedwa. Mu 1939 bambo ndi mkazi wake ku Moscow, Vladimir Engelhardt ndi Militsa Lyubimova, adaonetsa kuti myosin imaphwanya ATP, kanthu kamene kamasunga mphamvu m'thupi.

Koma pamene nkhani yakoma ndi ku Szeged, m'dziko la Hungary, nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse ili m'kati. Kumeneko kudali Albert Szent-Györgyi, amene adaali atalandira kale mphotho ya Nobel mu 1937. Mai wina wogwira naye ntchito, Ilona Banga, ankagaya nyama ya kalulu ndi kuiviika m'madzi a mchere wambiri kwa mphindi 20. Madziwo ankatuluka opyapyala. Nyamayo itagona m'madzimo usiku wonse, madzi adatuluka olemera ndi onanda. Chidaloŵamo nchiyani? Mu 1942 mnyamata wa pamalopo, Brunó Straub, adachipatula chinthucho, ndipo chidatchedwa actin. Ine ndimaona kuti dzina la mai Banga limatchulidwa mopereŵera, chikhalirecho khomo adatsekula ndi iwo.

Szent-Györgyi adapanga timaulusi ta myosin yosakanizika ndi actin, nathirapo ATP pamodzi ndi mchere wa potaziyamu ndi maginiziyamu. Kaulusi kopanda moyo kaja kadafupika iye akuona. Chifukwa cha nkhondo, mbiriyi idachedwa kufika ku maiko ena, ndipo mu 1944 mwini wakeyo adaali kubisala, akusakidwa ndi a Gestapo.

Ambiri adaganiza kuti ulusiwo umakwinyika ngati lasitiki. Maganizo ameneŵa adagwa pa 22 May 1954, pamene magazini ya Nature idasindikiza zolemba ziŵiri pamodzi. China chidali cha Andrew Huxley ndi Rolf Niedergerke a ku Cambridge, china cha Hugh Huxley ndi Jean Hanson amene ankagwira ntchito ku America. A Huxley aŵiriŵa, tinene pano, sadali pachibale. Onse adapeza kuti ulusi sufupika konse ai. Wa myosin ndi wa actin umangoloŵerana, monga zala za manja aŵiri mukazipisa zina pakati pa zinzake.

Nanga amayala timaulusi timeneti mwadongosolo chotere ndani? Yankho lake ndi lodabwitsa: mbali yaikulu timadziyala tokha. Kachidutswa kamodzi ka myosin kali ndi mitu iŵiri ndi mchira wautali, ndipo pamchirapo pali mphamvu za magetsi zamitundu iŵiri zotsatana, zimene zimakokana zikakumana zosiyana. Mchere ukachuluka umaphimba mphamvuzo, choncho kachidutswa kalikonse kamayandama pakokha. Nchifukwa chake mai Banga ankasungunula myosin ndi madzi a mchere. Mu 1963 Hugh Huxley adachepetsa mcherewo, nayang'ana pa makina oonera tinthu tating'onoting'ono. Michira idaphatikana, mitu ili kunja. Taganizani za mtolo wa mapira womangidwa mwakuti ngala zina zaloza kuno, zina uko, pakati pali mapesi okhaokha. Umo ndi m'mene ulusi wa myosin uliri, ndipo pokhala mitu ya mbali ziŵirizo imakokera pakati, mnofu umafupika. M'thupi mtolo umodzi umakhala ndi tizidutswa pafupifupi 300, ndipo mutagaŵa milimita imodzi magawo 1,000, mtolowo ungatalike gawo limodzi ndi theka, kupitirira pang'ono.

Actin khalidwe lake ndi lotembenuka. M'madzi opanda mchere imakhala timibulu tomwazikana. Mukathira mchere, timibuluto timalumikizana ngati mikanda ya mizere iŵiri yopotana. Fumio Oosawa wa ku Nagoya, m'dziko la Japan, adalongosola mu 1962 kuti chovuta ndi chiyambi. Timibulu tiŵiri sitichedwa kutayana, koma titatu kapena tinai tikagwirana, tinzake timadza mofulumira kudzaonjezera kunsonga.

Padatsala vuto limodzi. Mitolo ya myosin yopangidwa m'botolo inkatuluka ina yaitali, ina yaifupi, pamene ya m'thupi ndi yofanana ngati yoyezedwa ndi rula. Mu 1976 Koscak Maruyama wa ku Japan adapeza ulusi wachitatu wotamuka nautcha connectin, ndipo mu 1979 Kuan Wang ku Texas adaupatsa dzina limene lidafala, titin. Ndiyo puloteni yaikulu koposa zonse zodziŵika m'thupi la munthu. Imayenda m'mbali mwa mtolo wa myosin kuchokera pakati pake mpaka pa khoma pamene actin yamangirira, ndipo imausunga mtolowo pakatikati, kuti mkono umene mwapindawo ukatambasuka zonse zibwerere m'malo mwake.