Mbiri ya mpando umene palibe amaunyadira

Pali zinthu zina zimene tinazizolowera kwambiri moti sitiziona n'komwe. Chimodzi mwa izo ndi mpando wa pulasitiki, uja woyera kapena wobiriwira wokhala ndi poika mikono, umene umapezeka pamaliro, paukwati, m'tchalitchi, pamsonkhano wa chipani ngakhalenso pakhonde pa wometa tsitsi. Akatswiri a dizaini amautcha monobloc, kutanthauza kuti ndi chinthu chimodzi chathunthu, chopanda msomali, guluu kapena polumikiza paliponse. Mabuku ofotokoza mbiri ya mipando ndi odzaza ndi mayina a anthu otchuka a ku Germany, Denmark ndi America, koma mpando uwu amaulambalala, ndipo akautchula amakhala akuuseka. Ine ndikuona kuti kumeneku n'kuilakwira mbiri. Kwa zaka zoposa 100, amisiri a ku Ulaya ndi America ankalota za mpando wotchipa woti munthu aliyense n'kuugula. Umene unakwaniritsa malotowo ndi womwewu amaunyozawu.

Nkhaniyi tiiyambire mumzinda wa Vienna, ku Austria. Kalipentala wina wa ku Germany dzina lake Michael Thonet anasamukira kumeneko mu 1842, ndipo pambuyo pake anadziwika ndi luso lapadera: kufewetsa mtengo ndi nthunzi yotentha, kuupinda ngati uta, kenako n'kuusiya kuti uume uli chipindikire. Mu 1859 kampani yake inatulutsa mpando umene unkangodziwika ndi nambala, Nambala 14. Unali ndi zidutswa za mtengo 6 zokha ndi tizitsulo tomangira towerengeka. Chimene chinasintha zinthu n'chakuti mpandowu sunkafunikanso mmisiri mmodzi woti aupange kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto. M'fakitale, wina ankapinda, wina kupala, wina kuboola. Mipando 36 yosamanga inkalowa m'bokosi limodzi la mita imodzi mbali zonse, n'kukwera sitima, n'kukamangidwa kumene yafikako. Pofika mu 1930 anali atagulitsa mipando yotereyi pafupifupi 50 miliyoni. Aliyense amene anagulapo shelefu yobwera m'katoni n'kukaimanga yekha kuchipinda, adziwe kuti nzeru imeneyi ndi yakale.

Itatha nkhondo yoyamba ya dziko lonse, malotowa analowa m'kalasi. Mu 1919 Walter Gropius anatsegula sukulu ya zaluso yotchedwa Bauhaus mumzinda wa Weimar, ku Germany, ndipo mu 1925 inasamukira ku Dessau. Aphunzitsi ndi ophunzira ake ankakhulupirira kuti luso liyenera kugwirana manja ndi makina, kuti wantchito wamba akhale m'nyumba yowala bwino ndi kugwiritsa ntchito ziwiya zabwino. Mmodzi wa iwo, Marcel Breuer, anayang'ana mahandulo a njinga yake n'kuganiza kuti ngati paipi yachitsulo imapindika chonchi osathyoka, ikhozanso kukhala mpando. Anaupangadi cha mu 1925, ndipo masiku ano umadziwika ndi dzina lakuti Wassily. Sukuluyi inatsekedwa mu 1933 chifukwa cha chipani cha Nazi, koma maganizo ake anafalikira dziko lonse. Chomvetsa chisoni n'chakuti wantchito wamba uja mpandowu sunamufike. Lero mpando wa Wassily umagulitsidwa ndi kampani ya Knoll pamtengo woti ambiri a ife tikhoza kulipirira fizi, ndipo umakongoletsa maofesi a mabwana.

Nkhondo yachiwiri itatha, anthu ambiri analibe nyumba ndi katundu wa m'nyumba. Mu 1948 Museum of Modern Art ya ku New York inachititsa mpikisano wa mipando ndi katundu wina wotchipa. Charles Eames ndi mkazi wake Ray anapikisana nawo, ndipo mu 1950 mpando wawo unayamba kugulitsidwa. Pokhalira ndi potsamira zinali chinthu chimodzi choumbidwa ngati chigoba, koma miyendo inali yapadera, yochita kumangirira. Vuto linali pomwepo. Malinga ngati miyendo ikuchita kumangidwa ndi munthu, mtengo sungatsike kufika pansi penipeni.

Yankho linachokera kwa asayansi. Mu 1954 Giulio Natta wa ku Italy anapanga mtundu wa pulasitiki wotchedwa polypropylene, wopepuka, wolimba, wotha kusungunuka n'kuumbidwa mosavuta. Mu 1963 Natta analandira mphoto ya Nobel pamodzi ndi Karl Ziegler wa ku Germany, ndipo chaka chomwecho Robin Day wa ku Britain anatulutsa mpando wa pulasitiki ameneyu wokhala ndi miyendo yachitsulo. Ndi uja timaupeza m'maholo ndi m'makalasi ambiri mpaka lero. Unafika patali moti ku Botswana anthu ankachotsa miyendo n'kuika chokhaliracho m'mabwato. Mu 1967 kampani ya Vitra inayamba kupanga mpando wa Verner Panton wa ku Denmark, wopindika ngati chilembo cha S, wopanda miyendo yakumbuyo, wonse wa pulasitiki. Unali wokongola, koma wovuta kupanga ndiponso wodula. Nawonso unathera m'nyumba za anthu a ndalama.

Munthu amene anafika pafupi ndi mpando timaudziwawu sanali mphunzitsi wa zaluso. Anali Henry Massonnet, mwini fakitale wa ku France, amene mu 1972 anatulutsa mpando wotchedwa Fauteuil 300. Iye mutu wake unali pa nthawi ndi mtengo: mpando umodzi uzituluka m'makina pasanathe mphindi ziwiri. Tsoka ilo, mu 1973 mafuta anakwera mtengo padziko lonse, ndipo popeza pulasitiki amachokera ku mafuta, malonda sanayende msanga. Zinthu zinatseguka m'zaka za m'ma 1980, makamaka kampani ina ya ku France yomweko, Grosfillex, itatulutsa mpando wake wapanja mu 1983. Kuchokera apo mafakitale a m'mayiko ambiri anayamba kupanga yawo, aliyense akusintha pang'ono maluwa a potsamira. Ku India kampani ya Nilkamal inakula kwambiri ndi malonda amenewa.

Kapangidwe kake sikasiyana kwenikweni ndi kuumba njerwa. Timibulu ta pulasitiki amatisungunula pa kutentha kopitirira madigiri 200, n'kupopera phalalo mwamphamvu m'chikombole chachitsulo. Likazizira, chikombole chimatseguka ndipo mpando umatuluka wathunthu. Chodula ndi chikombolecho, n'chifukwa chake mwini fakitale amayenera kupanga mipando yambirimbiri kuti ndalama yake ibwerere, ndipo kuchulukako n'kumene kumatsitsa mtengo. Chilichonse pampandopo chili ndi chifukwa. Miyendo ndi yopanda kanthu mkati ndipo inatagada pang'ono kuti mipando izisanjikizana. Mipata ya potsamira imachepetsa pulasitiki wofunika komanso imalola mphepo kudutsa. Timizere ta kunsi kwa pokhalira timaulimbitsa popanda kuulemeretsa. Wonse umalemera makilogalamu awiri kapena atatu, moti mwana amaunyamula ndi dzanja limodzi. Ngati dizaini yabwino ndi kuthetsa vuto ndi zipangizo zochepa, ndiuzeni pamene mpandowu unalephera.

Komabe kwawo komwe unabadwira anachita nawo manyazi. Mzinda wa Basel ku Switzerland unaletsa mipandoyi panja pa malo odyera kuyambira mu 2008 mpaka 2017, ati inkaipitsa maonekedwe a mzinda. Chodabwitsa n'chakuti mu 2017 momwemo, Vitra Design Museum, imene ili ku Weil am Rhein, kungowoloka malire kuchokera ku Basel, inachita chionetsero cha mbiri ya mpando womwewu. Pamsewu unali chinyalala, m'nyumba yachionetsero unali chuma. Mpando sunasinthe. Chinasintha ndi amene ankauyang'ana.

Kwa ife kuno mpando si chokhalira chabe, ndipo chilankhulo chathu chimachitira umboni. Timati mfumu yakhala pampando, andale akulimbirana mpando, ndipo wotsogolera komiti ndi wapampando. M'nyumba zambiri za kumudzi mipando inkakhala yowerengeka. Wa ndalema unali wa bambo, wina unkadikira mlendo wolemekezeka, ndipo ena onse malo awo anali pamphasa, pamkeka kapena pansi. Kukhala m'mwamba kunali ulemu wa anthu ochepa. Mpando wa pulasitiki unachulukitsa chinthu chimene chinali chosowa. Lero mpingo, gulu la amayi kapena komiti ya maliro imagula mipando makumi angapo, kuibwereketsa pamtengo, n'kupezerapo ndalama. Wakabaza amaisanjikiza pakaliyala n'kuifikitsa kumene galimoto silifika. Ku America, Don Schoendorfer anatenga mpando womwewu, n'kuuika mateyala a njinga, ndipo bungwe limene anayambitsa mu 2001, Free Wheelchair Mission, linagawa njinga za olumala zoterezi m'mayiko osauka ambiri.

Sindikunena kuti mpandowu unathetsa kusiyana kwa anthu. Pitani pamaliro ambiri mukaone amene akhala pamipando ndi amene akhala pansi atatambalala pachitenje. Mipando ikachepa, amayi ndi amene amayamba kuimirira. Pamsonkhano, alendo olemekezeka amawabweretsera sofa kuchokera m'nyumba, kapena amaveka mpando wa pulasitiki nsalu yoyera ndi riboni kuti usaoneke chimene uli. Fakitale ikhoza kutsitsa mtengo wa mpando, koma nkhani ya amene ayenera kukhalapo imatsalabe m'manja mwathu.

Palinso mtengo wina umene sulembedwa palisiti. Dzuwa limaupsereza pulasitiki mpaka kufika pouma ngati chikwatu, ndipo tsiku lina mwendo umangothyoka munthu ali pakati pa nkhani. Mpando wathabwa ukagwedera, kalipentala amaukhoma n'kukhalanso zaka zina khumi. Wa pulasitiki timausoka ndi waya, kapena kusanjikiza iwiri yothyoka kuti ikhale umodzi, koma mapeto ake ndi kudzala, kumene suwola. Komanso mipando 50 imene mpingo wagula kusitolo ndi ntchito imene kalipentala wa pamsika sanaipeze. Amene amadandaula za zimenezi ali ndi mfundo, ndipo ndimawamvera. Amene sindigwirizana nawo ndi aja amangoti mpandowu ndi wonyansa, chifukwa kawirikawiri chimene chimawanyansa ndi anthu amene amakhalapo.

Umboni wake uli pa mpando wathu wa nsungwi, uja wolukidwa ndi manja umene amisiri amagulitsa m'mbali mwa misewu. Kuno ambiri amauona ngati wapakhonde, woyembekezera tsiku limene adzagule sofa. Koma m'masitolo a katundu wa m'nyumba ku Cape Town ndi ku London umadziwika ndi dzina la dziko lathu, umajambulidwa m'magazini, ndipo mtengo wake umaposa kangapo ndalama imene woluka analandira. Mipando iwiriyi ikufanana pa chinthu chimodzi: wogula sadziwa dzina la amene anaipanga. Wina ukutamandidwa chifukwa anthu a ndalama aukonda, wina ukunyozedwa chifukwa aliyense ali nawo. Breuer, Eames ndi Panton mayina awo amalembedwa kunsi kwa mpando ndipo amawonjezera mtengo. Woluka nsungwi dzina lake limathera pamsewu pamene anagulitsira.

Apa ndi pamene nkhaniyi ikutikhudza ife ophunzira, makamaka anzanga amene mukuphunzira zojambula mapulani a nyumba ndi kukonza zinthu. Mukamaliza sukulu mudzakopeka kuti muzipangira anthu ochepa okhoza kulipira, chifukwa kumeneko n'kumene kuli dzina. Mbiri ya mpando ikusonyeza kuti akatswiri aja anayamba ndi mtima wofuna kuthandiza anthu wamba, koma zinthu zawo zinakathera kwa olemera, ndipo ntchito yofikira aliyense inagwiridwa ndi eni mafakitale amene ankangowerengera mphindi ndi makilogalamu. Funso limene Thonet anayamba nalo mu 1859 likadalipo, ndipo mpando wa pulasitiki unangoyankha theka lake. Theka linalo ndi mpando wotchipa ngati umenewu, wopepuka ndi wosanjikizika ngati umenewu, koma wotheka kukonzedwa ukathyoka, wopangidwa ndi zinthu zomera kuno, ndiponso wopatsa mmisiri dzina ndi ndalama yomuyenera. Nsungwi tili nazo, amisiri tili nawo. Amene adzakhale pansi n'kuujambula mpando umenewo, ndikukhulupirira kuti pakali pano ali m'kalasi ina, atakhala pampando wa pulasitiki.