GTA: Gemu ya Umbava mu Mzinda Wopeka ndi Mmene Amaisewerera

Grand Theft Auto, imene achinyamata amangoitchula kuti GTA, ndi gemu ya pa kompyuta, pa PlayStation, pa Xbox ndi pa foni zam'manja. Wosewera amakhala chigawenga mu mzinda waukulu wopeka: amaba magalimoto, amalimbana ndi magulu ena a zigawenga, amathawa apolisi, ndipo amakwera pang'onopang'ono kuchoka pa mbava wamba mpaka kukhala bwana woopedwa. Dzinali ndi mawu a m'malamulo a ku America otanthauza mlandu wakuba galimoto. Eni ake anaipangira anthu akuluakulu. Koma foni imodzi ya pakhomo imadutsa m'manja ambiri, ndiye kholo la ku Cateme, ku Moatize kapena ku Zóbuè likhoza kuipeza ili kale m'foni mwake, ana akuisewera. Nkhani ino ikufotokoza kumene gemuyi inachokera, kaseweredwe kake, ndalama zimene imadya, ndi zimene kholo liyenera kudziwa lisanalole kapena kuletsa.

Kumene inachokera

GTA yoyamba inatuluka mu 1997. Inapangidwa ndi kampani ya DMA Design ya mu mzinda wa Dundee ku Scotland, imene pambuyo pake inasintha dzina kukhala Rockstar North, ndipo lero ili ku Edinburgh. Amene amaigulitsa ndi Rockstar Games ya ku New York. M'gemu yoyambayo wosewera ankaona mzinda ngati mmene amauonera kabawi ali m'mwamba, timagalimoto tikuyenda ngati nyerere.

Zinthu zinasintha mu 2001 ndi GTA III, pamene wosewera anayamba kuona msewu ali kumbuyo kwenikweni kwa munthu wake, ngati akumutsatira. Kenako kunabwera Vice City mu 2002, San Andreas mu 2004, GTA IV mu 2008 ndi GTA V mu 2013. San Andreas ndiyo inagulidwa kwambiri pa magemu onse a PlayStation 2, ndipo mu Disembala 2013 inatulutsidwanso ya pa foni. N'chifukwa chake mwana akanena kuti akusewera GTA pa foni, kawirikawiri imakhala imeneyi.

Dziko lotseguka n'chiyani?

M'magemu ambiri wosewera amayenda njira imodzi yokha: akatha gawo loyamba amapita lachiwiri, ngati makalasi a kusukulu. GTA ili m'gulu la magemu otchedwa a dziko lotseguka. Wosewera amaikidwa pakati pa mzinda wokhala ndi misewu, masitolo, zipatala, njanji ndi anthu oyenda pansi, ndipo amasankha yekha kopita ndi chochita. Akhoza kutsatira nkhani ya gemu, kapena kuisiya n'kumangozungulira pa njinga tsiku lonse. Kumada, kumacha, mvula imagwa, ndipo akalowa m'galimoto wailesi imayamba kulira, iye n'kumasankha siteshoni.

Dziko la San Andreas ndi lalikulu pafupifupi makilomita 6 m'litali ndi 6 m'lifupi. Ulendo wochoka ku Cateme kupita ku tauni ya Moatize, wa makilomita pafupifupi 40, ndi wautali kuposa pamenepo kangapo. Komabe m'kadera kameneko opanga anapanikizamo mizinda 3, mapiri, nkhalango, chipululu ndi minda, moti wosewera amamva ngati wayenda dziko lonse. Ufulu umenewu ndiwo umakoka achinyamata kuposa mfuti. Mnyamata amene sanagwirepo chiwongolero amapezeka akuyendetsa lole, sitima, boti ngakhale ndege.

Nkhani ya San Andreas

Nkhani yake imachitika mu 1992. Carl Johnson, wodziwika kuti CJ, akubwerera kwawo ku Los Santos atakhala kutali zaka 5, chifukwa mayi ake aphedwa. Akupeza gulu la m'dera mwawo, Grove Street Families, litafooka, mankhwala osokoneza bongo atadzadza m'misewu, ndipo adani awo a Ballas atalanda madera. Tsiku lomwe wafika, wapolisi wakatangale Frank Tenpenny akumunamizira mlandu wakupha wapolisi mnzake, kuti azimutuma ntchito zauve. Mawu a Tenpenny ndi a katswiri wa mafilimu Samuel L. Jackson.

CJ ayesa kudzutsa gululo pamodzi ndi mkulu wake Sweet, koma anzake apamtima, Big Smoke ndi Ryder, amupereka kwa adani. Sweet amangidwa, ndipo CJ atayidwa kumidzi. Kuchokera kumeneko amapita ku San Fierro ndi ku Las Venturas, mpaka kubwerera kwawo kudzabwezera. Mizinda 3 imeneyi inajambulidwa potengera Los Angeles, San Francisco ndi Las Vegas, ndipo zipolowe za kumapeto kwa gemu zinatengera zipolowe zenizeni za ku Los Angeles mu 1992. M'kati monsemo gemuyi imaseka apolisi akatangale, andale ndi otsatsa malonda a ku America. Munthu wamkulu amene amamva Chingerezi amaziona nthabwalazo, koma mwana amangoona kuthamanga ndi kuwomberana.

Kaseweredwe kake

Pa foni, chala chachikulu chakumanzere chimayendetsa munthu, chakumanja chimadina zizindikiro zothamangira, kudumpha, kumenya, kuwombera ndi kulowa m'galimoto. Pakona pali mapu ang'onoang'ono ozungulira, ndipo pamwamba pamaoneka ndalama, chida chimene wagwira, nthawi, ndi mzere wosonyeza mphamvu za moyo zimene zatsala.

Nkhani imasuntha kudzera m'ntchito zimene CJ amatumidwa, pafupifupi 100. Wosewera amapita pa chizindikiro cha pa mapu, amaonera kafilimu kakafupi, kenako amauzidwa chochita: kukatenga munthu, kuthamangitsa galimoto, kuteteza dera kapena kupha mdani. Akalephera amayambiranso. Akapambana amalandira ndalama ndi ulemu, ndipo ulemu ukakula amatha kutenga anyamata ambiri oyenda naye. Ntchito ina yotchuka ndi yothamangitsa sitima pa njinga yamoto. Ina ndi yakuba makina okololera pa famu. Alimi mungaone pamenepa kuti munda m'gemuyi si malo olimapo, koma obapo.

CJ amafunika kudya. Akadya kwambiri amanenepa n'kumalephera kuthamanga, akasiya kudya amaonda mpaka moyo kuyamba kuchepa. Amapita kolimbitsa thupi, kometa ndi kogula zovala, ndipo luso lake loyendetsa, losambira ndi lowombera limakula akamazichita kawirikawiri. Pali ntchito zina zopezera ndalama mwachilungamo: kuyendetsa takisi, ambulansi, galimoto yozimitsa moto kapena lole ya katundu. Palinso kuthyola nyumba usiku, juga ya ku Las Venturas ndi malo a uhule. Kuti zimene wachita zisatayike, wosewera amalowa m'nyumba ya CJ n'kusunga gemu.

Palinso mawu achinsinsi amene achinyamata amauzana. Lotchuka ndi HESOYAM, limene pa kompyuta limapatsa CJ moyo wonse, chovala chotchinga zipolopolo ndi madola 250,000 nthawi yomweyo.

Nyenyezi za apolisi

Wosewera akapalamula apolisi akuona, pamwamba pamayaka nyenyezi. Ikakhala 1, apolisi amangomuthamangitsa kuti amugwire. Zikafika 3, pamabwera helikopita ndipo misewu imatsekedwa. Pa 4 pamabwera apolisi a zida zamphamvu, pa 5 a FBI, ndipo pa 6 asilikali ndi akasinja. Kuti nyenyezi zizime, amalowetsa galimoto mu galaja yotchedwa Pay 'n' Spray, amalipira madola 100 a m'gemu, galimoto imapakidwa penti ina, mlandu watha.

Akagwidwa pamalembedwa kuti "Busted", ndipo amadzapezeka ali panja pa polisi atalandidwa zida ndi kandalama pang'ono. Akaphedwa pamalembedwa kuti "Wasted", ndipo amadzuka pakhomo la chipatala ali bwinobwino. Apa ndi pamene pagona mtima wa gemuyi. Chilango chilipo, koma chimafufutika m'kanthawi kochepa. Wogundidwa ndi galimoto alibe maliro, alibe ana otsala, alibe abale obwera kudzafunsa. Kwa munthu wamkulu izi ndi nthano chabe. Mwana wa zaka 9 amafunika wina womuuza kuti pa msewu wa N7, pamene malole akuluakulu amadutsa kupita ku Zóbuè ndi ku Mwanza, palibe kuyambiranso. Achinyamata ophunzira njinga zamoto akumbukirenso kuti m'gemu magalimoto amayenda kumanja monga ku America, pomwe ku Mozambique ndi ku Malawi timayenda kumanzere.

GTA V ndi GTA Online

GTA V inatuluka pa 17 Seputembala 2013, ndipo m'masiku 3 okha inapanga madola 1 biliyoni. Makope ake oposa 200 miliyoni agulidwa. M'menemo wosewera amasinthana anthu 3: Michael, wakuba m'mabanki amene anapuma, Franklin, mnyamata wofuna kutuluka mu umphawi, ndi Trevor, munthu waukali wosaugwira mtima. Ntchito zazikulu ndi zokonza umbava: kusankha njira, kulemba anthu othandiza, kenako kugawana zobazo. Nyenyezi za apolisi m'menemo zimalekeza pa 5.

GTA Online, imene inayamba mu Okutobala 2013, imalola anthu a m'mayiko osiyanasiyana kusewera mu mzinda umodzi kudzera pa intaneti. Ndalama za m'gemu zikhoza kugulidwa ndi ndalama zenizeni. Kanema woyamba wolengeza GTA VI anaonetsedwa mu Disembala 2023.

Ndalama ndi akathyali

San Andreas ya pa foni imagulitsidwa pa Google Play, si yaulere, ndipo imafuna malo oposa magigabaiti 2. Kuikopera kumadya bandulo yaikulu, kaya ndi ya Movitel, Vodacom kapena Tmcel, kaya ndi ya Airtel kapena TNM kwa amene amagwira netiweki ya ku Malawi. Ikalowa m'foni nkhani yake imaseweredwa popanda intaneti, koma imatenthetsa foni ndi kumaliza batire msanga. Pakhomo podalira kasola kamodzi, batire imeneyo ndi yomwenso imafunika pa M-Pesa kapena e-Mola, pofunsa mtengo wa chimanga ndi nandolo, kapena poitana thandizo usiku wina akadwala.

Ena amapatsana gemuyi pa memori khadi kapena kuchoka foni kupita foni. Ena amasewera Liberty City Stories ya 2005 ndi Vice City Stories ya 2006 kudzera pa pulogalamu ya PPSSPP. Chenjezo lalikulu ndi ili: Rockstar Games sinatulutsepo GTA V kapena GTA VI ya pa foni za Android. Aliyense amene akulonjeza zimenezi pa Facebook, pa YouTube kapena pa WhatsApp akunama. Mafayilo otere amadzadza foni ndi malonda, ndipo ena amakhala ndi mavairasi otha kuwerenga mauthenga. Gemu ikapempha nambala ya foni, nambala yachinsinsi ya ndalama kapena chilolezo chowerenga SMS, ifufuteni.

Msinkhu woyenera ndi zimene ofufuza anapeza

Bungwe la PEGI la ku Ulaya limaika magemu m'misinkhu ya zaka 3, 7, 12, 16 ndi 18. San Andreas ndi GTA V anaziika pa 18 chifukwa cha chiwawa ndi kutukwana. Ku America bungwe la ESRB linaika GTA V pa zaka 17 kupita m'tsogolo. Mu 2005 kunabuka mkangano waukulu atatulukira kachigawo ka zogonana kamene kanabisika m'kati mwa San Andreas, moti kampani inachita kutulutsa ina yochotsedwa kachigawoko.

Kodi gemu yotere imasandutsa mwana chigawenga? Mu 2020 bungwe la akatswiri a za maganizo la American Psychological Association linanena kuti magemu achiwawa amawonjezera pang'ono khalidwe laukali, monga kukalipa ndi kukankha anzako, koma palibe umboni wokwanira woti ndiwo amachititsa milandu yachiwawa. Vuto lina ndi kukomedwa. Mu 2019 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linavomereza kukomedwa ndi magemu kukhala m'ndandanda wa matenda. Zizindikiro zake ndi kulephera kudziletsa, kuika gemu patsogolo pa sukulu, ntchito ndi tulo, ndi kupitiriza ngakhale mavuto akuoneka, kwa miyezi 12 kapena kuposa. Osewera ambiri safika pamenepo.

Zimene kholo lingachite

Yambani ndi kuona. Khalani pansi ndi mwanayo mphindi 20, akuonetseni mmene amasewerera, ndipo mumufunse kuti munthu amene wamugundayo wapita kuti. Yankho lake likuuzani zambiri kuposa kulanda foni, chifukwa wolandidwa amangosamukira kwa mnzake.

Kwa ana a ku pulayimale, GTA si yawo. Magemu a mpira monga eFootball ali pa msinkhu wa zaka 3. Pa Google Play pali malo otchingira magemu a akuluakulu ndi nambala yachinsinsi, ndipo pulogalamu ya Family Link imathandiza kuika malire a nthawi. Kwa achinyamata okulirapo, gwirizanani nthawi: gemu ibwere akaweruka kumunda ndiponso akamaliza za kusukulu, makamaka pa tchuthi cha Disembala ndi Januwale chimene chimakumana ndi kudzala ndi kupalira. Usiku foni igone kwa makolo. Nambala yachinsinsi ya M-Pesa kapena e-Mola isadziwike kwa aliyense wosewera pa foniyo. Amene amaika magemu m'foni za anthu pa msika, kapena kuseweretsa ana pa malipiro, ayang'ane nambala 18 ija asanalandire ndalama ya mwana. Mwana wa mnzako ndi wako yemwe.