Mkangano ndi wogulitsa galimoto yakale: zomwe Shariya ndi malamulo a dziko akunena

Magalimoto ambiri omwe akuyenda pakati pa Mangochi boma, Chowe, Namwera ndi Chiponde sanagulidwe atsopano. Ena ndi ochokera ku Japan, omwe amatsikira pa doko la Dar es Salaam n'kulowa m'dziko muno kudzera pa Songwe. Ena anabwera ndi ana athu a ku Joni, ndipo ambiri timagula kwa ogulitsa a ku Limbe, Blantyre ndi Lilongwe. Sienta imodzi kawirikawiri imakhala thukuta la zaka zingapo, nthawi zina la banja lonse. Pa msewu wa see galimoto yodwala imabisa matenda ake, koma chitunda cha Chowe chimaulula: injini kutentha, giya kukana, utsi kuti tolo. Mkangano umayambira pamenepo, wogula akuti anapusitsidwa, wogulitsa akuti malonda anatha.

Chilema chomwe chimabwezetsa galimoto

Mu Fiqh muli ufulu wotchedwa khiyar al-'ayb, womwe umalola wogula kubweza katundu yemwe wapezeka ndi chilema n'kulandira ndalama zake zonse. Ma Ulama anaikapo zinthu zitatu: chilemacho chikhale choti chinalipo katunduyo asanaperekedwe, chikhale chotsitsa mtengo kapena cholepheretsa ntchito yomwe anagulira, ndipo wogula akhale kuti sanachidziwe pogula. Injini yong'aluka yomwe anangoimata, giya bokosi yakufa yomwe anaithira oyilo wolimba kuti isamveke, kapena galimoto yomwe inagubuduka n'kupentedwa, zonsezi ndi zilema. Matayala akutha omwe tinawaona ndi maso, kapena batire yofooka pa galimoto ya zaka khumi, si chifukwa chobwezera. Galimoto yakale ndi yakale ndithu, ndipo naye wogulitsa ali ndi ufulu wake.

Kubweza m'mbuyo makilomita ndi chinyengo chomwe Fiqh imachitcha tadlis. Chitsanzo chake chinaweruzidwa kale ndi Mtumiki (Mtendere ndi Madalitso a Allah apite kwa iye) pa nkhani ya chiweto chomwe mwini wake amasiya kuchikama masiku angapo kuti bere lioneke lodzaza pamsika. Wogula anapatsidwa ufulu wosunga chiwetocho kapena kuchibweza, n'kupereka muyeso umodzi wa tende m'malo mwa mkaka womwe anakama. Kusintha nambala ya makilomita sikusiyana ndi kudzazitsa bere kuja.

Kuchedwa kumataya ufulu

Apa ndi pomwe ambiri timagwera. Mu madh-hab a Imam Shafi'i, omwe ambiri a ife kuno kunyanja timatsatira, kubweza kumayenera kuchitika mwamsanga munthu akangodziwa chilema. Wopitiriza kunyamula anthu ndi galimotoyo atadziwa kale vuto amatengedwa ngati wakhutira nayo. Lamulo la dziko la Sale of Goods Act likunenanso zofanana: wosunga katundu nthawi yaitali osauza wogulitsa kuti wamukana amatengedwa kuti wamulandira, ndipo chomwe chimamutsalira ndi kupempha chipukuta misozi basi.

Choncho tsiku lomwelo galimoto iimikidwe, vutolo lijambulidwe pa foni, ndipo wogulitsa auzidwe pa uthenga wolembedwa, chifukwa za pakamwa mawa adzazikana. Makaniko aiyeze n'kulemba zomwe wapeza, koma asamasule injini wogulitsa asanaione. Injini ikangomasulidwa pansi pa mtengo wa mango, wogulitsa amapeza pothawira, amati mwaiononga nokha.

Ngati galimotoyo yapeza chilema china chatsopano ili m'manja mwa wogula, mwachitsanzo yawombedwa, wogulitsa sakakamizidwa kuilandira. Pamenepo pamabwera arsh, kubweza gawo la ndalama molingana ndi momwe chilema chakale chinatsitsira mtengo. Tiyerekeze kuti anthu odziwa magalimoto anena kuti ikanakhala yabwino ikanagulidwa K10 miliyoni, koma ndi chilemacho ndi ya K8 miliyoni. Ndiye kuti yatsika ndi gawo limodzi mwa magawo asanu. Ngati wogula analipira K9 miliyoni, abwezeredwe K1.8 miliyoni.

Ogulitsa ena amati akabweza ndalama achotsapo zomwe galimotoyo inapanga pa maulendo a Namwera. Shariya siilola zimenezo. Phindu la masiku omwe wogula anali asanadziwe chilema ndi lake, pakuti galimotoyo ikanapsa masiku amenewo, wotaya akanakhala iyeyo.

Mawu oti "as is" pa lisiti

Ogulitsa ambiri amalemba mawuwa, kutanthauza kuti mwagula momwe ilili ndipo musadzabwerenso. Ma Hanafi amavomereza mgwirizano wotere. Ma Shafi'i amauvomereza pa ziweto zokha, ndiponso pa chilema chobisika chomwe wogulitsa sankachidziwa, choncho pa galimoto ufulu wobweza umakhalapobe. Koma onse amagwirizana kuti kubisa dala chilema chomwe ukuchidziwa ndi haraam. Nalo lamulo la Competition and Fair Trading Act limaletsa wamalonda kunamiza wogula kapena kudzichotsa pa udindo wa katundu wowonongeka. Kwa abale ogula ku South Africa, komwe mawu ake ndi voetstoots, lamulo lawo la Consumer Protection Act la 2008 limapatsa wogula kwa wamalonda miyezi isanu ndi umodzi yoti abweze, akonzeredwe kapena asinthiridwe katundu wachilema.

Vuto la mapepala

Ili limaposa la injini, chifukwa galimoto imapita yonse. Ngati msonkho sunalipidwe, a MRA atha kuigwira. Ngati inabedwa, kuno kapena kunja, apolisi amailanda ngakhale wogula sankadziwa kanthu. Nambala ya chasisi ndi ya injini zikasiyana ndi zolembedwa mu blue book, a Road Traffic sasintha umwini. Pa galimoto yakuba, Shariya ndi malamulo a dziko akunena chimodzi: munthu sangagulitse chomwe si chake, ndipo wogula abwezeredwe ndalama zake zonse ndi yemwe anamugulitsa. N'chifukwa chake tiyenera kudziwa kuti tagula kwa yani. Dobadoba yemwe anatiperekeza pamalopo nthawi zambiri si mwini, ndipo zinthu zikavuta foni yake siipezekanso. Dzina la pa lisiti, la mu blue book ndi la pa akaunti yomwe tinaikamo ndalama ziyenera kulozana.

Kokadandaula

Poyambira ndi sulh, kuyanjana. Wogula alembe kalata yonena tsiku logula, mtengo, vuto, chomwe akufuna ndi tsiku lomwe akuyembekezera yankho, asunge kope lake, ndipo apite ndi mboni ziwiri pamodzi ndi makaniko wovomerezedwa ndi mbali zonse. Ngati onse ndi Asilamu, sheikh kapena akuluakulu a pa mzikiti atha kukhala pakati, monganso amachitira amfumu wogulitsa akakhala wa m'dera lomwelo. Tinene mosabisa kuti mphamvu za amenewa zimathera pa kuyanjanitsa. Sangalande katundu wa munthu. Zomwe mwagwirizana zilembedwe ndi kusainidwa, monga momwe ayah 282 ya Surat al-Baqarah imatilamulira pa ngongole.

Pa mgwirizanowo tsiku lobwezera likhale lapafupi. Kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo omwe ankadikira ndalama zawo pang'onopang'ono anapezeka kuti sangagulenso galimoto yonga yomweyo. Kuonjezerapo chiwongoladzanja chifukwa cha kuchedwa ndi riba, ndiye Msilamu sangadalire njira imeneyo. Ife timaona kuti n'kwabwino kulandira ndalama zonse nthawi imodzi, kapena kusinthiridwa galimoto ina yoyesedwa bwino, kusiyana ndi kulandira malonjezo a mwezi ndi mwezi.

Zikakanika, dandaulo lipite ku Competition and Fair Trading Commission, bungwe la boma loteteza ogula, lomwe likulu lake lili ku Lilongwe. Lamulo latsopano la 2024, lomwe linalowa m'malo mwa la 1998, linapatsa bungweli mphamvu zolipiritsa chindapusa ndi kulamula kuti wogula abwezeredwe ndalama. Iwo amagwira ntchito ndi umboni: lisiti, mgwirizano, mauthenga, zithunzi ndi lipoti la makaniko. Bungwe la Consumers Association of Malawi nalo limalandira madandaulo a ogula, ngakhale si khoti.

Khoti ndi njira yomaliza. Bwalo la majisitireti limamva milandu ya ndalama zochepa, ndipo yaikulu imapita ku High Court. Kalaliki wa pa khoti ku boma atha kutiuza komwe mlandu wathu ukuyenera. Osowa ndalama za loya afunse ku Legal Aid Bureau. Kupita ku khoti kukatenga chako si kusowa chipiriro, ndipo sikuletsedwa. Apolisi ndi a nkhani za kuba ndi chinyengo, monga mapepala abodza kapena kulandira ndalama popanda kupereka galimoto. Si ntchito yawo kutolera ngongole. Kukalanda galimoto ina pamalo a wogulitsa ndi anyamata kumasandutsa wodandaula kukhala woimbidwa mlandu.

Kwa omwe sanagule, Fiqh ili ndi khiyar ash-shart: ogula ndi ogulitsa atha kugwirizana pa nthawi ya malonda kuti wogula ali ndi masiku osapitirira atatu oti abweze katundu popanda kupereka chifukwa. Zimenezi zilembedwe pa lisiti ndalama zisanaperekedwe. Masiku atatu ndi okwanira kutsimikiza mapepala ku Road Traffic, kuwoloka mlatho wa Bakili Muluzi ndi kukwera chitunda cha Chowe masana, galimoto itadzaza anthu, makaniko ali mpando wakutsogolo.