Mabuku Osindikizidwa Kuti Atayidwe: Mbiri ya Nkhani za Upandu za ku America ndi Anthu Ozisunga

Mtundu wa nkhani zopeka umene akatswiri a zolembalemba amautchula kuti hardboiled, kutanthauza nkhani za upandu zosimbidwa mouma mtima, mopanda kukometsera kapena kumvera chisoni wina aliyense, unayambira ku America m'zaka za m'ma 1920, ndipo mbiri yake imamveka bwino munthu akayamba ndi pepala limene nkhanizo zinkasindikizidwapo. Mu 1896, Frank Munsey, wofalitsa magazini wa ku New York, anakonza zoti magazini yake ya Argosy izikhala ndi nkhani zopeka zokhazokha, ndipo anayamba kuisindikiza pa pepala lotchipa, lokhakhala, lopangidwa ndi mitengo yopera imene sinayeretsedwe bwino, lomwe pa Chingelezi limatchedwa pulp. Magaziniyo inkagulitsidwa masenti 10, mtengo umene munthu wogwira ntchito m'fakitale kapena panjanji ankaukwanitsa, ndipo ofalitsa ena ambiri atatengera nzeruyo panabuka malonda aakulu a magazini owerenga kamodzi n'kutaya. Kutchipa kwa pepalalo ndi kumene kunaumba kalembedwe ka nkhanizi, kunasankha anthu oziwerenga, ndiponso kunabala mwambo wozifunafuna ndi kuzisunga.

Magazini imene inalera mtundu umenewu inali Black Mask, yomwe H. L. Mencken ndi George Jean Nathan anaiyambitsa mu 1920 pofuna kupeza ndalama zothandizira magazini yawo ina ya anthu ophunzira, ya The Smart Set, ndipo sanachedwe kugulitsa Black Mask kwa ena. M'chaka chomwecho, lamulo loletsa kufulula ndi kugulitsa mowa linayamba kugwira ntchito m'dziko lonse la America, ndipo mpaka pamene linathetsedwa mu 1933, malonda a mowa anagwera m'manja mwa magulu a zigawenga, monga la Al Capone ku Chicago, amene ankapereka ziphuphu kwa apolisi, oweruza ndi andale. M'chaka chomwechonso munatuluka buku loyamba la Agatha Christie, amene anadzakhala katswiri wa nkhani za ku England zimene munthu amaphedwa m'nyumba ya anthu olemera, wofufuza wanzeru n'kuzindikira wolakwa, mtendere n'kubwerera. Kwa owerenga a m'mizinda ya ku America, amene ankaona katangale tsiku ndi tsiku, nkhani zoterozo zinali ngati mwambi wongosangalatsa, pamene Black Mask inkawapatsa dziko limene ankalidziwa, momwe kugwidwa kwa wakupha mmodzi sikunkasintha chilichonse chifukwa choipa chenichenicho chinali m'maofesi a akuluakulu.

Carroll John Daly ndi amene anayamba kutchuka ndi wofufuza milandu wokonda mfuti ndi zibakera dzina lake Race Williams mu 1923, koma amene anasandutsa zimenezi kukhala luso anali Dashiell Hammett, yemwe asanayambe kulemba anagwirapo ntchito ku kampani yofufuza milandu ya Pinkerton mpaka chifuwa chachikulu chinamusiyitsa. Wofufuza wa m'nkhani zake zoyambirira, amene anaonekera koyamba mu 1923, alibe ndi dzina lomwe: ndi bambo wamfupi, wonenepa, wachikulire pang'ono, wongolembedwa ntchito ndi kampani, ndipo amafotokoza zimene waona ndi zimene wachita popanda kunena zimene akumva mumtima. M'buku la Red Harvest la mu 1929, munthu ameneyu amafika m'tauni ya migodi imene mwini mgodi anabweretsamo zigawenga kuti zithetse sitiraka ya antchito, zigawengazo n'kukhazikika, ndipo iye amaiyeretsa poyambanitsa magulu a zigawengawo mpaka amathana okhaokha. Joseph T. Shaw, amene anali mkonzi wa Black Mask kuyambira mu 1926 mpaka mu 1936, ankauza alembi ake kuti azitsanzira kalembedwe kameneka ka ziganizo zazifupi ndi zokambirana za anthu wamba a mumsewu. Popeza magazini ambiri a mtundu umenewu ankalipira pafupifupi senti imodzi pa liwu lililonse, mlembi ankayenera kulemba msanga ndiponso mochuluka kuti adye, ndipo ambiri ankagwiritsa ntchito mayina ongopeka angapo kuti nkhani zawo ziwiri zituluke m'kope limodzi.

Raymond Chandler analowa m'ntchitoyi ali ndi zaka zoposa 40, atachotsedwa ntchito pa kampani ya mafuta ku Los Angeles mu 1932, ndipo nkhani yake yoyamba inatuluka mu Black Mask mu 1933. Iye anaphunzira ku Dulwich College ku London, ndipo m'mabuku onena za wofufuza Philip Marlowe, kuyambira ndi The Big Sleep la mu 1939, anawonjezera mafanizo akuthwa ndi kusungulumwa kwa munthu woona mtima wokhala mumzinda wovunda ndi ndalama. Pa nthawi yomweyo, James M. Cain, m'buku la The Postman Always Rings Twice la mu 1934, anachotsamo wofufuza n'kuika wolakwa pakati pa nkhani, kotero kuti wowerenga amatsagana ndi mwamuna ndi mkazi amene chilakolako ndi dyera zikuwakokera ku chiwonongeko. Nthambi imeneyi, yomwe wosimba nkhani amakhala wopalamula kapena wogwa m'msampha ndipo mapeto ake samakhala abwino, ndi imene pambuyo pake inadziwika ndi dzina la Chifalansa lakuti noir, lotanthauza chinthu chakuda.

Magazini a pepala lotchipa anayamba kufooka pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, pamene mapepala ankasowa, ndipo anatheratu chifukwa cha wailesi ya kanema ndi mabuku a chikuto chofewa, moti Black Mask inasiya kutuluka mu 1951. Mabuku aang'ono okwana m'thumba, amene kampani ya Pocket Books inayamba kugulitsa mu 1939 pa masenti 25, sankadalira masitolo a mabuku, koma ankapezeka pogulitsira nyuzipepala, m'masitolo a mankhwala ndi m'madepoti a basi, ndipo asilikali obwera kunkhondo, amene boma linkawagawira mabuku aang'ono oterowo ali kumeneko, anali atazolowera kale kuwawerenga. Buku la Mickey Spillane lakuti I, the Jury, lomwe silinayende malonda kwenikweni litatuluka ndi chikuto cholimba mu 1947, linagulidwa makope mamiliyoni litasindikizidwa ndi chikuto chofewa, ndipo zimenezi zinatsegula maso ofalitsa. Mu 1950 kampani ya Fawcett inayambitsa mabuku a Gold Medal, amene anali nkhani zatsopano zotuluka koyamba ndi chikuto chofewa, ndipo inkalipira mlembi potengera makope osindikizidwa, osati ogulidwa. M'misika yotereyi ndi mmene munakulira alembi monga David Goodis ndi Jim Thompson, amene buku lake la The Killer Inside Me la mu 1952 limasimbidwa ndi wapolisi wa m'tauni yaing'ono ya ku Texas yemwe ndi wakupha, koma popeza olemba ndemanga m'nyuzipepala kawirikawiri sankawerenga mabuku a chikuto chofewa ndipo malaibulale sankawagula, buku linkakhala pamalonda masabata owerengeka kenako n'kuiwalika.

Ulemu umene alembiwa sanaupeze kwawo anaupeza ku France, kumene Marcel Duhamel anayambitsa mndandanda wa mabuku wotchedwa Série noire ku kampani ya Gallimard mu 1945, wokhala ndi zikuto zakuda, ndipo chaka chotsatira wolemba ndemanga za mafilimu Nino Frank anagwiritsa ntchito mawu ofananawo pofotokoza mafilimu a ku Hollywood otengedwa m'mabuku amenewa. Duhamel ndi amene analimbikitsa Chester Himes, mlembi wakuda wa ku America amene anasamukira ku France, kuti alembe nkhani za upandu, ndipo mabuku ake onena za apolisi awiri akuda a ku Harlem anamupezera mphoto yaikulu ya ku France ya nkhani za mtundu umenewu mu 1958. Ena mwa mabuku oyamba mu mndandandawo anali a Angelezi otsanzira kalembedwe ka ku America, monga James Hadley Chase, yemwe mabuku ake a chikuto chofewa anafalikira kwambiri m'mayiko a mu Africa muno owerenga Chingelezi, kumene buku limodzi linkadutsa m'manja mwa anthu ambiri pobwerekana. Ku Johannesburg, magazini ya Drum inkasindikiza nkhani za wofufuza milandu wakuda zolembedwa ndi Arthur Maimane m'zaka za m'ma 1950, umboni wakuti kalembedweka kankagwira paliponse pamene panali mzinda, umphawi ndi apolisi osadalirika.

Mwambo wosonkhanitsa mabukuwa unakula chifukwa cha kufooka kwa pepala lomwelo. Pepala la mitengo yopera limakhala ndi asidi amene amalidya pang'onopang'ono, moti pakapita zaka limasanduka lachikasu, kenako lofiirira, ndipo m'mphepete mwake mumayamba kuthetheka munthu akangotsegula tsamba. Komanso magazini ochuluka anaperekedwa pa nthawi ya nkhondo pamene anthu ankatolera mapepala akale kuti apangidwenso. Chotero wosonkhanitsa akatenga buku amayang'ana ngati lili la kusindikiza koyamba, ngati msana wake sunapindike kapena kusweka, ngati guluu wogwira masamba sanaume, ndiponso ngati mitundu ya pachikuto sinasuluke ndi dzuwa, ndipo akaligula amalisunga m'kathumba ka pulasitiki kopanda asidi, kutali ndi kuwala ndi chinyontho. Pa mabuku a chikuto cholimba, monga The Maltese Falcon limene kampani ya Knopf inasindikiza mu 1930, gawo lalikulu la mtengo limakhala pa pepala lojambulidwa lokutira kunja, lomwe ogula oyambirira ambiri ankalitaya. Ena amasonkhanitsa potsata wojambula chikuto, monga Robert McGinnis, ena amafuna mabuku a kampani ya Dell a m'zaka za m'ma 1940 okhala ndi mapu a malo amene mlandu unachitikira kuchikuto chakumbuyo, ndipo ena amafuna a kampani ya Ace, imene kuyambira mu 1952 inkamanga nkhani ziwiri m'buku limodzi motembenuzana.

Phindu la ntchito imeneyi silinathere pa mitengo ya mabuku. Chandler anamanga The Big Sleep pogwiritsa ntchito nkhani zake zakale za mu Black Mask, ndipo sankalola kuti nkhanizo zisindikizidwenso iye ali moyo, kotero kuti kwa zaka zambiri wofuna kuona mmene bukulo linapangidwira ankadalira makope osungidwa ndi anthu. Jim Thompson anamwalira mu 1977 mabuku ake atasowa m'masitolo a ku America, ndipo anabwereranso kwa owerenga pamene Barry Gifford anayambitsa mabuku a Black Lizard ku Berkeley mu 1984 n'kuyamba kusindikizanso alembi oiwalika. Mu 1995 bungwe la Library of America, lomwe limasindikiza zolemba zolemekezeka za dzikolo pa pepala lokhalitsa, linatulutsa mabuku a Chandler, ndipo mu 1997 linatulutsa ena okhala ndi nkhani za Cain, Thompson, Goodis ndi Himes. Komabe alembi amene analandira ulemu woterewu ndi ochepa poyerekeza ndi mazana amene ankalemba m'magaziniwo, ndipo wofufuza mbiri amene akufuna kudziwa mwini weniweni wa dzina longopeka, tsiku limene nkhani inatuluka koyamba, kapena mmene mkonzi anaisinthira isanakhale buku, amadalirabe mindandanda yolembedwa ndi osonkhanitsa komanso makope amene iwo anapereka ku malaibulale a mayunivesite, monga ya Bowling Green ku Ohio.