Mikanda ya pa Mbande ndi Moto Umene Unaiumba

Phiri la Mbande, m'boma la Karonga, ndi pamene mafumu a Angonde, a Kyungu, anakhazikitsa likulu lawo. Katswiri wofukula zakale Keith Robinson atakumba pamenepa, lipoti lake la 1966 linatchula mikanda ya galasi, umboni woti eni phirili ankasinthana katundu ndi anthu akutali. Komabe mbiri ya mikanda yotereyi inayambira patali kwambiri, tsidya lija la nyanja ya mchere.

Zaka zoposa 2,000 zapitazo, amisiri a ku Arikamedu, kumwera kwa India, ankasungunula galasi n'kulikoka mpaka litasanduka kachubu kataliitali, kenaka n'kukadula tizidutswa. Tizidutswato tinkatuluka takuthwa m'mbali, tosati n'kuvala m'khosi. Choncho ankatisakaniza ndi phulusa kuti tisamatirirane, n'kutibwezera pamoto akutakasa.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Galasi likafewa, tinthu ta pamwamba pake timakokana mwamphamvu, kufuna kuti khungu lakelo lichepe, monga mmene dontho la mame limadziundira patsamba la nthochi. Mphamvu imeneyi pagalasi losungunuka imaposa ya madzi pafupifupi kanayi. Ndiyo imameza nsonga zakuthwa zija, mkanda n'kukhala wobulungira popanda wousema. Koma ilibe chisoni. Moto ukapyola muyezo, bowo limatsekeka, mkanda wafa. Ukachepa, m'mbali mumatsala mano. N'chifukwa chake mikanda yakale siifanana ngakhale itakhala pachingwe chimodzi.

Thovu nalo linali mdani. Timpweya ting'onoting'ono timachedwa kuyandama m'galasi lonanda, ndipo pokoka chubu timatalika motsata bowo. Zodabwitsa n'zakuti chilema chimenechi ndi chimene lero chimathandiza akatswiri kudziwa kuti mkanda unachita kukokedwa, osati kukulungidwa pawaya.

Pambuyo pake msika unagwa m'manja mwa amisiri a ku Murano, ku Venice, amene m'zaka za m'ma 1800 ankazunguliza tizidutswato m'migolo yotentha, atatseka mabowo ndi laimu ndi makala. Pamene Monteith Fotheringham ankatsegula sitolo ya African Lakes Company pa Karonga mu 1884, mikanda ndi nsalu zinali ndalama zogulira minyanga.

Mphamvu yomwe ija inapeza ntchito ina: mu 1959 kampani ya Pilkington ku England inalengeza njira yoyandamitsa galasi pachitsulo cha tini chosungunuka. Kukokana kuja kukalimbana ndi kulemera kwa galasilo, limadziyala lokha mosalala n'kuima pa mamilimita pafupifupi 7. Magalasi ambiri a m'mawindo lero amapangidwa mwa njira imeneyi.