Mtambo Umene Unameza Jim Reeves

Munthu amene anakula akumvera wailesi kuno kwathu amawadziwa mawu a Jim Reeves, ngakhale atakhala kuti Chingerezi chinkamudutsa pamwamba. Bambo anga ankasunga mbale za nyimbo zake m'sutikesi pansi pa bedi, ndipo mwana wozikhudza ankagona ndi misozi. Ukawafunsa kuti munthuyu anafa bwanji, ankayankha mwachidule kuti anagwa ndi kandege, injini itazima. Ambiri timaganiza choncho. Kandege ka injini imodzi kakagwa, timathamangira kuloza chala injiniyo, poti inalibe inzake yoithandiza.

Koma ofufuza ngozi ya Reeves sanaloze chala injini. Pa 31 Julayi 1964, iye ankachokera ku Batesville, m'chigawo cha Arkansas, kubwerera kwawo ku Nashville, akuyendetsa yekha ndege ya Beechcraft Debonair. Anali ndi Dean Manuel, amene ankamuimbira piyano. Atatsala pang'ono kufika, kutsogolo kwawo kunali chimvula chamabingu. Reeves analowamo, pansi osaonekanso, ndipo posakhalitsa ndegeyo inakazikika m'nkhalango pafupi ndi Brentwood. Anawapeza patapita masiku awiri. Anali ndi zaka 40, ndipo chiphaso chake chinali cha munthu woyendetsa ndege akuona kumene akupita.

Mbiri ya ngozi za ndege inayambadi ndi kuthyoka kwa chipangizo. Pa 17 Seputembala 1908, ku Fort Myer m'chigawo cha Virginia, Orville Wright ankaonetsa ndege yake kwa asilikali a America atanyamula Thomas Selfridge. Pulopela imodzi inang'aluka, ndege inagwa chamutu, Orville anathyoka mwendo ndi nthiti, Selfridge n'kukhala munthu woyamba kufa pa ngozi ya ndege ya injini. Masiku amenewo ndege zinali za mitengo, nsalu ndi mawaya, ndiye kuthyoka sikunali kodabwitsa. Zaka zitapita, amisiri analimbitsa mapiko ndi mainjini. Cessna 172, imene inayamba kugulitsidwa mu 1956, yapangidwa zoposa 44,000, ndipo anthu ambiri amaphunzirira pa imeneyi. Injini yake ikazima m'mwamba, ndegeyo sigwa ngati mwala. Imatsetsereka ndi mphepo, ndipo ikakhala pamtunda wa kilomita imodzi kuchokera pansi imatha kupita makilomita pafupifupi 9 isanagunde nthaka. Woyendetsa wodekha amasankha munda kapena msewu n'kutera. Malipoti a ku America amasonyeza chaka ndi chaka kuti pafupifupi ngozi 7 mwa 10 za ndege zing'onozing'ono zimachokera kwa woyendetsa.

Nanga mu mtambo mumakhala chiyani choti munthu wanzeru zake, injini ikulira bwinobwino, akalowetse ndege m'nthaka?

Yankho lili m'khutu. Mkati mwa khutu muli timachubu titatu topindika tokhala ndi madzi, timene timauza ubongo ngati mutu ukutembenuka. Tili ana tinkazungulira pabwalo mpaka chizungulire, ndipo tikaima, dziko lonse linkaoneka ngati likuthamangira mbali ina. Khutu limanama choncho, ndipo chimene chimatipulumutsa ndi maso, chifukwa amaona pamene thambo lakumana ndi dziko n'kukonza bodzalo. Mu mtambo, kapena usiku wopanda mwezi pamwamba pa nyanja, mzere umenewo kulibe. Ndege ikayamba kupendekeka pang'onopang'ono, khutu silimva kanthu. Ikakhalitsa ikukhota, madzi aja amakhazikika, thupi n'kumakhulupirira kuti zonse zili bwino. Phiko limodzi likatsika, mphuno ya ndege imaloza pansi ndipo liwiro limakwera. Woyendetsa akaona kuti akutsika amakoka chiwongolero kuti akwere, koma poti ndege ndi yopendekeka, kukokako kumangofinya kukhota kuja. Imatsika ikuzungulira mpaka pansi, ndipo nthawi zina mapiko amathothoka isanafike.

Mankhwala a vutoli anapezeka kale. Pa 24 Seputembala 1929, Jimmy Doolittle ananyamuka, kuzungulira ndi kutera ku Mitchel Field ku New York ataphimbidwa kuti asaone kunja, akungoyang'ana zipangizo za kutsogolo kwake. Chachikulu mwa zipangizozo chimasonyeza ngati mapiko ali mowongoka. Chovuta si kukhala nacho chipangizocho ayi. Chovuta ndi kuchikhulupirira pamene thupi lako lonse likukuuza kuti chikunama, ndipo zimenezi zimafuna maphunziro apadera ndi chiphaso china. Mu 1954, akatswiri a pa University of Illinois anatenga oyendetsa ndege 20 amene sanaphunzire zimenezi, n'kuwatseka maso a kunja ali m'mwamba mu ndege ya Bonanza. Onse 20 ndege inawapulumuka. Wofulumira anatenga masekondi 20, wochedwa 480, ndipo pakatikati panali masekondi 178. Mphindi zitatu zosakwana.

Chimene chimandipweteka mtima n'chakuti ngozi zambiri zotchuka zinachitika izi zikudziwika kale. Pa 3 Febuluwale 1959, Buddy Holly, atatopa ndi basi yozizira imene inkawanyamula pa ulendo wa zoimbaimba, anachita hayala Beechcraft Bonanza ku Mason City, m'chigawo cha Iowa. Anakwera ndi Ritchie Valens, mnyamata wa zaka 17, ndi J. P. Richardson. Woyendetsa, Roger Peterson, anali ndi zaka 21 ndipo analibe chiphaso choyendera zipangizo. Ananyamuka cha m'ma 1 koloko usiku, chipale chikuwaza, n'kukagwa m'munda makilomita osakwana 10 kuchokera pabwalo. Ofufuza anapezanso kuti chipangizo chosonyeza kupendekeka cha mu ndegeyo chinkaonetsa zinthu mosemphana ndi chimene Peterson anaphunzirirapo, moti n'kutheka kuti ankadziona ngati akukwera pamene akutsika.

Patangopita zaka zinayi, pa 5 Malichi 1963, woimba Patsy Cline ankabwerera ku Nashville kuchokera ku Kansas City mu Piper Comanche imene ankayendetsa manijala wake, Randy Hughes. Atatera ku Dyersburg kuti amwetse mafuta, woyang'anira bwalo anawachenjeza za nyengo n'kuwapempha kuti agone. Hughes anaona kuti kwawo kwayandikira. Anagwa m'nkhalango pafupi ndi Camden, ndipo anafa onse anayi, kuphatikizapo oimba Cowboy Copas ndi Hawkshaw Hawkins. Reeves ankawadziwa anthu amenewa, ndipo chaka chotsatira anapita njira yomweyo. Katswiri wa nkhonya Rocky Marciano, amene sanagonjepo m'bwalo, anafa pa 31 Ogasiti 1969 pamene Cessna 172 inawomba mtengo usiku kunja kutaipa pafupi ndi Newton, ku Iowa komweko.

Anthu onsewa anali ndi kwina kumene ankayembekezeredwa: dansi yamawa, banja, phwando. Fulumira anadya gaga, amatero akuluakulu, koma apa nkhani si kupupuluma kokha. Woyendetsa wachinyamata amene wanyamula munthu wotchuka amachita manyazi kunena kuti bwana, lero tigone. Munthu wachuma amene wadzigulira ndege yake alibe womuletsa. Bonanza, imene inatuluka mu 1947, inali yothamanga ndiponso yodula, ndipo ku America inafika potchedwa yopha madokotala, chifukwa ogula ake ambiri anali anthu ozolowera kulamula ndi kupambana pa ntchito zawo, koma a maola ochepa m'mwamba.

John F. Kennedy Jr., mwana wa mtsogoleri wakale wa America, anali wa mtundu umenewu. Pa 16 Julayi 1999 ananyamuka ku New Jersey mu Piper Saratoga kupita ku chilumba cha Martha's Vineyard, atanyamula mkazi wake Carolyn ndi mlamu wake Lauren Bessette, poti mawa lake kunali ukwati wa m'bale wake. Ananyamuka mochedwa, dzuwa litalowa. Mvula kunalibe, kunali nkhungu chabe pamwamba pa nyanja, yokwanira kufufuta malire a madzi ndi thambo. Ndege inali yabwino, inalinso ndi makina oiyendetsa okha, koma inatsika ikuzungulira n'kulowa m'nyanja. Bungwe lofufuza ngozi la NTSB linati iye anasokonezeka, osadziwanso kumwamba ndi pansi. Panali patadutsa zaka pafupifupi 70 chichitireni Doolittle zake zija.

Si ngozi zonse zimene zili za mtambo. Mafuta amapha anthu mochititsa manyazi, pakuti kawirikawiri amakhala alipo mu thanki inayo. Woimba John Denver anafa pa 12 Okutobala 1997 ku Monterey Bay, ku California, mu ndege ya Long-EZ imene anali atangoigula. Amene anaipanga anaika chosinthira mathanki kumbuyo kwa phewa lamanzere la woyendetsa. Denver ananyamuka osaonjezera mafuta, thanki ina inauma, ndipo ofufuza anati potembenuka kuti afikire chosinthiracho anaponda chopondera chowongolera mchira mosadziwa, ndege n'kugudubukira m'madzi. Palinso madzi olowa m'mafuta, katundu wopitirira muyeso, madzi oundana mu kabuleta ngakhale kunja kukutentha, ndi kuchepetsa liwiro mopitirira pokhota kuti utere, mapiko n'kusiya kunyamula pamalo pamene palibe mpata wodzukanso.

Okonda mpira akukumbukira Emiliano Sala. Cardiff City itangomugula ku Nantes pa mtengo wa mapaundi 15 miliyoni, anakwera Piper Malibu usiku wa pa 21 Januwale 2019, ndipo ndegeyo inagwera m'nyanja pafupi ndi chilumba cha Alderney. Woyendetsa, David Ibbotson, analibe chilolezo chonyamula anthu olipira kapena choyenda usiku. M'magazi a Sala anapezamo mpweya wa carbon monoxide wambiri zedi, mpweya womwe uja umapha anthu ogona ndi mbaula ya makala m'nyumba yotseka. Ndege zazing'ono zambiri zimatenthetsa mkati ndi mphepo yodutsa pa paipi ya utsi, ndiye paipiyo ikang'aluka poizoni amalowa popanda fungo. Kachipangizo kochenjeza za mpweyawu n'kotchipa, koma munalibe. David Henderson, amene anakonza ulendowo, anagamulidwa mu 2021 kukhala m'ndende miyezi 18.

Ife kuno sitifunika kuuzidwa za nkhungu. Ndege imene inagwa ku Chikangawa pa 10 Juni 2024, n'kupha Wachiwiri kwa Mtsogoleri wa dziko Saulos Chilima ndi anthu ena 8, inali Dornier 228 ya mainjini awiri, ndipo akatswiri a ku Germany amene anafufuza anatchula kupitiriza ulendo motsika, nyengo itaipa. Injini yachiwiri siithandiza munthu kuona phiri.

Ndege zina zamakono, monga za Cirrus, zili ndi parachuti yotsitsa ndege yonse, ndipo yapulumutsa anthu ambiri, koma imafunabe munthu wovomereza msanga kuti zamukanika. Inu amene tsiku lina mudzakwere kandege kopita ku Likoma, ku Nyika kapena ku Mfuwe, woyendetsa akadzayang'ana kumwamba n'kunena kuti tidikire, musadzamuwerengere ndalama zimene mwalipira kapena msonkhano umene ukukudikirani. Mudzatsitse chikwama chanu, mudzafunse kumene mungagone.