Aeromonas hydrophila

Uyu ndi bakiteriya wooneka ngati kandodo, wosambira ndi kamchira kamodzi, amene amakhala m'mitsinje, m'nyanja, m'madamu a nsomba ndi m'matope. Amachulukana bwino pa madigiri 28, koma mitundu ina imaswanabe ngakhale pa madigiri 4. Choncho firiji imangochedwetsa kuswana kwake m'nsomba yaiwisi.

Nsomba yodwala chifukwa cha bakiteriyayu imatuluka zilonda zofiira pakhungu, mimba n'kutupa. Achule amafiira miyendo. Munthu akamwa madzi oipa kapena kudya nsomba yosapsa amatha kutsekula m'mimba. Choopsa kwambiri ndi bala limene lalowa madzi a m'dambo, chifukwa limatukusira msanga, makamaka kwa munthu wofooka chitetezo cha m'thupi. Poizoni wa bakiteriyayu, aerolysin, amaboola maselo.

Mankhwala a ampicillin kawirikawiri sapha bakiteriyayu, koma kuphika nsomba mpaka kupsa kumamupha.